Manthu wa nyerere ali m'botolo: nanga ndi wa mtundu wanji?

Mvula ikangolowa pansi kuchigwa kuno, kuyambira ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka pa Mtakataka, nthaka imayamba kulavula zamapiko. Chizimalupsa cha mu Okutobala kawirikawiri sichikwanira. Imene imadzutsa zonse ndi mvula ya mu Novembala ndi Disembala, ija imagwa usiku wonse pa dothi loti lakhala likupsa ndi dzuwa kuyambira mu Meyi. Madzulo magetsi a m'magolosale a m'mbali mwa msewu wa M5 amazingidwa ndi ngumbi, ana ali yakaliyakali ndi mabeseni a madzi, achule nawo atandanda pansi kudikira zogwa. Dzuwa likawala pambuyo pa mvula yamphamvu, m'minda ndi m'mphepete mwa njanji mumatuluka mafulufute, anamzeze ndi akabawi ali zunguliru m'mwamba.

M'chipwirikiti chimenechi mumapezekanso kachilombo kena komwe ambiri sakalabadira poti si ndiwo: nyerere yaikulu kuposa zinzake, yopanda mapiko, ikuthamanga yokha kufuna pobisala. Mwana wa sukulu akaitola n'kuiika m'botolo, funso limakafika kwa aphunzitsi a sayansi kapena kwa alangizi a zaulimi. Kodi ameneyu ndi manthu? Nanga ndi wa nyerere za mtundu wanji?

Yankho lake lili ndi makwerero, ndipo si onse okwereka ndi maso okha. Awiri oyamba aliyense atha kuwakwera ali chiimire pabwalo. Lachitatu limafuna galasi lokuza zinthu. Lomaliza, lotchula dzina lenileni la mtundu, manthu payekha sakonda kulipereka. Timalipeza kwa ana ake, kapena kwa amene anamutola ngati anasamala kusunga tsiku, ola ndi malo.

Choyamba n'kusiyanitsa nyerere ndi chiswe. Palibe munthu wa kuno kwa Kachindamoto angasokoneze ngumbi ndi mafulufute zili m'mbale, koma kachilombo kamodzi kothothoka mapiko kakhoza kunamiza ngakhale wamkulu. Ziwirizi si pachibale n'komwe. Nyerere zili gulu limodzi ndi mavu ndi njuchi, pamene chiswe ndi mbumba ya mphemvu, zomwe Daegan Inward, George Beccaloni ndi Paul Eggleton a ku Natural History Museum ku London anatsimikiza mu 2007 poyeza DNA. Okonda ngumbi zokazinga asataye mtima, kukoma kwake sikunasinthe ndi kafukufukuyo. Poyang'ana thupi, nyerere ili ndi chiuno chowonda kwambiri pakati pa chifuwa ndi mimba, pamene thupi la ngumbi limangopitirira osaning'a paliponse. Tinyanga ta nyerere yaikazi tili ndi chigongono, timapindika pakati. Ta ngumbi n'towongoka, topangidwa ndi timibulu tolumikizana. Mapiko a ngumbi ndi anayi ofanana, aatali kupitirira thupi, ndipo amathothoka mukangowakhudza. A nyerere akutsogolo ndi aakulu, akumbuyo ndi aang'ono.

Komabe chizindikiro chosavuta kuposa zonsezi ndi kayendedwe. Mukagwada pansi pa getsi ngumbi zitagwa, mudzaona yaikazi itaima, itakweza mimba m'mwamba, ikutulutsa fungo loitana. Yaimuna ikafika, ziwirizo zimanyamuka mondondozana, ina patsogolo, ina mutu utagunda kumbuyo kwa inzake, kukafuna pokumba. Banja limenelo ndi la moyo wonse. M'kati mwa chulu cha chiswe chachikulu chotchedwa Macrotermes, chija chimalima nkhungu yomwe imatulutsa bowa wa utale, manthu amakhala m'kachipinda kadothi lolimba pamodzi ndi mwamuna wake. Amafufuma mpaka kufika masentimita 10, n'kumaikira mazira masauzande ambiri tsiku lililonse. Nyerere sizitero. Yaimuna ikakwera yaikazi, ntchito yake yatha, imafa m'masiku ochepa. Yaikazi imasunga mbewu ya mwamunayo m'kathumba ka m'mimba n'kumaigwiritsa ntchito pang'onopang'ono mpaka imfa, ndipo imfayo imatha kuchedwa: manthu wina wa mtundu wa Lasius niger amene anasungidwa ku Germany anakhala pafupifupi zaka 29. Choncho mukaona ziwiri zikulondolana, ndi chiswe. Manthu wa nyerere kawirikawiri amayenda yekha.

Khwerero lachiwiri ndi pomwe ambiri amagwera. Si nyerere yaikulu iliyonse ili manthu, ndiponso si yamapiko iliyonse ili yaikazi. Poyang'ana pake ndi pachifuwa. Manthu anabadwa kuti auluke, ndiye chifuwa chake n'chachikulu, chotukuka, chodzaza ndi minofu yoyendetsa mapiko, nthawi zina chotambalala kuposa mutu. M'mbali mwake mumatsala tizipsera pomwe panali mapiko, poti akakweredwa amawathyola yekha ndi miyendo. Pamphumi pali timaso titatu ting'onoting'ono kuwonjezera pa maso awiri aakulu. Msilikali wa m'chisa amatha kukula pafupifupi chimodzimodzi, koma iye kukula kwake n'kwa mutu ndi mano, chifuwa chili chowonda. Yaimuna imadziwika ndi kamutu kochepa, maso otuzuka, mano ofooka, thupi lowonda, ndipo mapiko siithyola. Yaikazi yomwe idakali ndi mapiko ikhoza kukhala kuti sinakweredwe. Imeneyo ngakhale iikire mazira, mwa iwo mudzatuluka zazimuna zokhazokha, chifukwa mwa nyerere, njuchi ndi mavu dzira losakumana ndi mbewu ya mwamuna limabala mwamuna.

Pali chilombo china chomwe chimanamiza anthu chaka ndi chaka. Chimabwera ku nyali usiku, chofiirira, chaubweya, chotalika pafupifupi masentimita atatu, chimadzigunda ku khoma n'kugwa chagada, n'kumapinda mimba yake yaitali uku ndi uku ngati chikufuna kuluma. Mbola chilibe. Ambiri akachiona amati apeza manthu, koma chimenecho ndi linthumbu laliumuna. Musachite manyazi mukanamizika, pakuti Carl Linnaeus, mwini wake wa kalembedwe ka mayina a zamoyo, atachiona mu 1764 anachilemba m'gulu la mavu n'kuchitcha Vespa helvola. Linthumbu loyenda pansi lija linadzalembedwa pambuyo pake ndi mayina enanso, ndipo panapita zaka zambiri akatswiri asanagwirizane kuti chouluka ndi choyenda pansi ndi banja limodzi, lomwe lero limatchedwa Dorylus.

Manthu wa linthumbu simudzamupeza pa getsi, chifukwa sakhala ndi mapiko chibadwire. Ndiye nyerere yaikulu kuposa zonse padziko, wotalika mpaka masentimita asanu, wosaona, ndipo akatswiri anayerekeza kuti amatha kuikira mazira mamiliyoni atatu kapena anayi pamwezi. Gulu likakula limagawikana pawiri, lina n'kutenga manthu wakale, lina watsopano. Yaimuna youluka ija ndi imene imapita kukafuna gulu lina, n'kulowa pamzere wake. Midzodzo yakuda ija imayenda mondondozana kukathira nkhondo chiswe, ya mtundu wa Megaponera analis, nayonso manthu wake alibe mapiko ndipo imachulukana mwa kugawikana. Imeneyi ndi ija inatchuka mu 2017 Erik Frank ndi anzake ataonetsa ku Comoé, m'dziko la Côte d'Ivoire, kuti imanyamula anzawo ovulala pankhondo kubwerera nawo kuchisa. Tanthauzo lake kwa mwana wa botolo uja n'lakuti mitundu ina yodziwika kwambiri pamudzi ndi yoti aichotseretu pamndandanda.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. Pamchenga pamayenda kachilombo kaubweya, kakuda ndi kufiira, kamadontho oyera kumimba, kopanda mapiko, kothamanga kokha. Kamaoneka ngati manthu wokongola. Ndi mavu aakazi a gulu la Mutillidae, ndipo mbola yake ndi yowawa zedi. Musakatole ndi zala.

Tikatsimikiza kuti ndi nyerere ndipo ndi manthu, galasi limalowa ntchito, ndipo poyambira ndi pachiuno. Chiuno cha nyerere chili ndi mfundo imodzi kapena ziwiri, ndipo kuwerenga kokhako kumagawa mitundu pakati. Za mfundo imodzi yopyapyala, zopanda mbola, zomwe zimadziteteza pothira asidi wonunkha mowawasa, ndi monga Camponotus. Amanthu ake ndi amene amatoledwa kwambiri pa magetsi: aakulu, ambiri a iwo mamilimita 12 mpaka 18, akuda kapena achikasu chosakanikirana ndi kuda, amsana wosalala. M'gulu lomweli muli Oecophylla longinoda, nyerere zofiira za miyendo italiitali zomwe zimasoka masamba a mango m'madera otentha a m'mphepete mwa nyanja, pogwiritsa ntchito ulusi wotuluka mwa mphutsi zawo. Manthu wake ndi wojintcha, ndipo mudzamupeza atakhala pa tsamba akufungatira mazira, osati pansi. Za mfundo imodzi yochindikala, zokhala ndi mbola ndi kakhosi koning'a pamimba, ndi abale a midzodzo. Za mfundo ziwiri ndiye unyinji: Pheidole zija zimalowa m'shuga ndi m'nkhokwe, zokhala ndi asilikali a mitu ikuluikulu, Crematogaster zomwe zimakweza mimba yosongoka pamwamba pa msana zikakwiya ndipo zina zimamanga zisa zakuda m'nthambi za mitengo, Messor zotuta njere za udzu, ndi mafulufute amene.

Kenako amawerenga mfundo za tinyanga. Nyerere zazikazi zambiri zili nazo 12, zazimuna 13. Crematogaster zambiri zili nazo 11, Myrmicaria zisanu ndi ziwiri zokha, zomwe zimachititsa kuti mtundu umenewo udziwike msanga. Amayang'ananso minga ya kumsana, mano a m'nsagwada, ubweya, ndi makwinya a pamutu. Apa galasi la m'manja lokuza kakhumi limayamba kuperewera, pamafunika maikulosikopu.

Mafulufute ndi oyenera kuwakhalira pansi, chifukwa ndi manthu yekhayo wa nyerere amene pafupifupi aliyense kuno anamugwirapo m'manja, ambiri n'kumudya kumene. Dzina lake m'mabuku ndi Carebara vidua, ndipo analipereka Frederick Smith wa ku British Museum mu 1858. Fulufute wamkazi amapitirira masentimita awiri, chifuwa chakuda chonyezimira, mapiko ofuka ngati apita pa utsi, mimba yonenepa yodzaza mafuta ndi mazira. Mimbayo ndiyo ndiwo: ana amaibudula pomwepo n'kuponya m'kamwa, amayi amakazinga ndi mchere popanda kuthira mafuta ena. Wamwamuna ndi wocheperapo, wa mimba yofiirira mwachikasu, ndipo otola amamudziwa kuti alibe phindu lenileni. Tsono yang'anitsitsani pa una pomwe akutulukira. Pamakhala tinyerere tachikasu chotuwa, tosakwana mamilimita awiri, tili piringupiringu kukuza khomo, kukwera pa miyendo ya otulukawo, ndi kuluma zala za otola. Timeneto ndiye antchito a m'chisa chomwecho, abale ake enieni a fulufute, ana a mayi mmodzi. Manthu amalemera kuposa kamodzi ka ito kamasauzande. Munthu woti sanaziwone pa una umodzi sangavomere kuti ndi mtundu umodzi, ndipo chaka chonse tinyereretu timakhala pansi osaoneka, kawirikawiri pafupi ndi zulu za chiswe.

Akatswiri akale anavutika nawo mafulufute. Zitsanzo zinkafika ku Ulaya zili zouma, yaimuna payokha, yaikazi payokha, popanda wonena kuti zinatuluka pa una umodzi. Motero mtundu womwewu unalandira mayina ena, Carebara dux ndi Carebara colossus, lachiwirili kuchokera kwa Adolf Gerstäcker amene ankalemba za tizilombo tomwe Wilhelm Peters anatola ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840. Pambuyo pake mayinawo anafafanizidwa zitadziwika kuti chilombo ndi chimodzi. George Arnold wa ku nyumba yosungira zachilengedwe ya ku Bulawayo, amene anayamba kusindikiza buku lalikulu la nyerere za kum'mwera kwa Africa mu 1915, anaona tinyerere tija titakangamira ku miyendo ya amanthu ouluka, n'kuganiza kuti manthu amatinyamula dala kuti tikamuthandize kulera ana oyamba, poti iye ndi wamkulu kwambiri moti sangathe kudyetsa timphutsi tochepa chotero. Ganizoli linalowa m'mabuku ambiri. Ofufuza a pambuyo pake analikayikira, ponena kuti mwina tinyereto timangotengeka mwangozi. Ndi nkhani yoti mwana wa ku Mtakataka wokhala ndi botolo, thonje ndi kudekha atha kuiyesa yekha mvula ya chaka chino.

Pafulufute tili ndi mwayi chifukwa maonekedwe ake ndi apadera ndipo makolo anamutcha kale dzina. Amanthu ena ambiri sali choncho, ndipo apa ndi pomwe khwerero lomaliza limavutira. Mitundu ya nyerere yolembedwa padziko lonse ikupitirira 14,000. Camponotus yokha ili ndi mitundu yoposa 1,000, Pheidole chimodzimodzi. Mabuku ozindikirira mitundu analembedwa potengera antchito, popeza ndi amene amapezeka chaka chonse, pamene manthu amaoneka masiku owerengeka basi. Ngakhale buku la Brian Fisher ndi Barry Bolton la mu 2016, Ants of Africa and Madagascar, lomwe ndi lodalirika kwambiri pa dera lathu, limakufikitsani pa gulu la mitundu, osati pa mtundu weniweni. Pali mitundu yambiri ya mu Africa yomwe manthu wake sanalembedwepo n'kamodzi komwe. Amanthu a mitundu yoyandikana amafanananso kwambiri kuposa m'mene antchito awo amafananira, chifukwa onse anaumbidwira ntchito imodzi: kuuluka, kukumba, kuikira. Onjezeranipo kuti nyerere za ku Malawi sizinafufuzidwe mozama ngati za ku South Africa kapena Madagascar. Asayansi obwera kunyanja kuno maso awo amakhala pa mbuna ndi chambo, osati pansi pa mapazi awo.

Chifukwa cha zimenezi, ine munthu wotchula dzina lathunthu la mtundu atangoona chithunzi chimodzi cha pafoni ndimamukayikira. Mapulogalamu a pafoni ozindikira tizilombo ndi oopsa kwambiri pamenepa. Anaphunzitsidwa ndi zithunzi zambiri za ku Ulaya ndi America, ndiye akaona manthu wakuda wa ku Mtakataka amamupatsa molimba mtima dzina la nyerere yomwe sinapondepo mu Africa. Katswiri weniweni sachita manyazi kulemba kuti Camponotus sp., kutanthauza kuti gulu ladziwika koma mtundu sunatsimikizike. M'nyumba zosungira tizilombo muli zitsanzo zosawerengeka zolembedwa choncho, zina zakhala zaka makumi zikudikira.

Nanga mayina athu? Brian Morris, amene anayamba wagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje asanakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, analemba buku la Insects and Human Life mu 2004 atayendayenda m'midzi ya m'Malawi kufunsa za tizilombo. R. C. H. Sweeney naye anali atalemba Animal Life of Malawi mu 1970. Chomwe chimaoneka poyerekeza mayina a kumudzi ndi a m'mabuku n'chakuti aliwonse amayankha funso lawo. Mayina athu ndi akuthwa pomwe pali kudya kapena kulumwa: ngumbi, mbereswa, mafulufute, linthumbu, midzodzo. Pomwe palibe ziwirizi, mitundu makumimakumi imangolowa m'dzina limodzi loti nyerere. Koma pali mbali ina yomwe mwini chulu amaposa wa maikulosikopu kutalitali. Amadziwa kuti chulu chakuti chimatulutsa ngumbi mvula ikagwa kangati, nthawi yanji ya usiku, ndipo cha pafupi nacho chimachedwa ndi masabata angati. Amadziwa zotuluka masana ndi zotuluka mbandakucha. Nyerere nazo mtundu uliwonse uli ndi nyengo yake ndi ola lake louluka, kuti zazimuna ndi zazikazi za m'zisa zosiyana zikumane. Mitundu iwiri yofanana thupi imatha kusiyana pa ola lokha. Ndiye amene watola manthu n'kuiwala tsiku ndi nthawi wataya theka la yankho asanafike kwa katswiri.

Malo nawo alembedwe mosamala, ndipo kuno tili ndi chifukwa chapadera. Kulemba kuti Dedza sikukwanira. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kozizira, kwa mbatata ya kachewere ndi mitengo ya paini. Mtakataka ili pansi pa phiri, pamwamba pang'ono chabe pa nyanja yomwe ili pa mamita 474, kwa malambe, bwemba ndi thonje. Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere amadziwa kuti ndi maiko awiri m'boma limodzi, ndipo nyerere zake sizingafanane zonse. Ngakhale kuchigwa komweko, manthu wotoledwa pa mlambala wa munda wa mpunga ku sikimu ya Bwanje, wina m'nkhalango ya Mua-Livulezi pansi pa mitengo ya mombo, wina pamchenga wa kunyanja, aliyense akuloza kumndandanda wake. Kapepala kolembedwa ndi pensulo kakhale ndi mudzi, tsiku, ola, nyengo, ndi pomwe anapezeka, kaya pa getsi, pa tsamba kapena pansi pa mwala. Pensulo chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti momwe zitsanzo zimasungidwa.

Njira yotsimikizika kwambiri yomwe munthu wamba angakwanitse ndi kumulera manthuyo mpaka abereke. Oweta nyerere amagwiritsa ntchito kachubu kagalasi ka mu labotale, koma kabotolo kalikonse koonekera m'kati, kotsukidwa bwino, kamagwira ntchito. Amathira madzi mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kukankhira thonje lothina mpaka likhudze madziwo, kuti mbali inayo ikhale yachinyezi koma yosanyowa. Manthu amalowa m'chipinda chotsalacho, kukamwa n'kutsekanso ndi thonje louma kuti mpweya uzidutsa. Kabotoloko kagonekedwe pamdima, pamalo pozizirirapo, kutali ndi denga la malata, chifukwa kutentha kwa kuchigwa kuno kumapha msanga. Pakhalenso poti nyerere za m'nyumba sizingafike, popeza zikamupeza zimamudya.

Ambiri mwa amanthu a chifuwa chachikulu ndi mimba yonenepa safuna chakudya pa nthawi imeneyi. Minofu ya mapiko ija, poti ntchito yake yatha, imasungunuka m'thupi n'kusanduka chakudya cha iye ndi mphutsi zake zoyamba. Amaikira kamulu ka mazira oyera, n'kumawanyambita ndi kuwasuntha, mphutsi zikatuluka amazidyetsa za m'kamwa mwake. Kumuponyera nyenyeswa za nsima kumangobweretsa nkhungu. Abale a midzodzo, omwe chifuwa chawo n'chocheperapo, ndi osiyana: amafuna kutuluka kukasaka, ndiye amafunika kachiswe kapena kantchentche nthawi ndi nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kusuzumira tsiku lililonse kumamusokoneza mpaka amadya mazira ake omwe. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri antchito oyamba amatuluka, koma amakhala ang'ono kuposa m'mene mtunduwo umakhalira, poti analeredwa ndi chakudya chochepa. Kwa Pheidole ndi Camponotus katswiri adzafuna asilikali a mitu ikuluikulu, ndipo amenewo amabwera chisa chikakhazikika, mwina patatha miyezi ingapo.

Antchito akapezeka, atatu kapena asanu aikidwe mu sipiriti pamodzi ndi kapepala kaja. Zithunzi zijambulidwe katatu, kuchokera pamwamba, kumbali kuti chiuno chioneke, ndi kumaso, rula ili pambali. Pa intaneti, AntWeb ya California Academy of Sciences ili ndi zithunzi zokuzidwa za zitsanzo zambiri za mu Africa zoyerekezera, ndipo pa iNaturalist pali akatswiri omwe amayankha zithunzi zochokera kulikonse, ngakhale kuti za nyerere za kuno ambiri amalekezera pa gulu. M'dziko muno oyamba kuwafunsa ndi a Museums of Malawi ku Chichiri, akatswiri a tizilombo a ku Bunda, ndi a malo ofufuzira zaulimi ngati Chitedze ndi Bvumbwe. Kuyeza DNA, njira yomwe Paul Hebert wa ku Guelph m'dziko la Canada anaitchukitsa mu 2003, kumatha kulumikiza manthu ndi antchito ake popanda kudikira miyezi. Koma makinawo amangoyerekeza ndi zomwe zinayezedwa kale. Ngati mtunduwo palibe anauyezapo, amabweza dzina la wachibale wapafupi basi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Mlimi wa mango sayenera kuganiza choncho. Nyerere zosoka masamba zija, ngakhale zimaluma othyola zipatso, zimathamangitsa ntchentche zoboola mango ndi tizilombo toyamwa, ndipo ku Benin ndi ku Tanzania alimi a mango ndi mbibu aphunzitsidwa kuzisamala m'malo mozitentha. Ku China msuweni wake, Oecophylla smaragdina, ankagulitsidwa pamsika kuti akateteze minda ya malalanje zaka zoposa 1,600 zapitazo. Pheidole megacephala ndi yosiyana nazo: imaweta nsabwe za m'masamba kuti izimwa timadzi totsekemera, n'kumazitchinjiriza kwa adani awo, ndipo imapitikitsa nyerere zothandizazo. Kudziwa amene akukhazikika m'munda mwanu kuli ndi phindu lake.

Palinso msika womwe ambiri kuno sanaumvepo. Ku Ulaya ndi ku Asia kuli anthu oweta nyerere m'zisa zagalasi m'nyumba, ndipo amalipira ndalama zambiri pa amanthu aakulu a ku Africa. Mu Epulo 2025 ku Kenya anagwira anyamata awiri a ku Belgium ali ndi amanthu pafupifupi 5,000 m'machubu oposa 2,200 ku Naivasha, komanso munthu wa ku Vietnam ndi Mkenya mmodzi ali ndi mazana angapo. Ambiri mwa amanthuwo anali a Messor cephalotes, nyerere zofiira zotuta njere za kum'mawa kwa Africa. Mu Meyi khoti linalamula kuti aliyense alipire mashilingi 1 miliyoni, pafupifupi madola 7,700, kapena akakhale kundende chaka chimodzi. Kutola manthu mmodzi kapena awiri pa getsi kuti ana a sukulu aphunzirirepo sikuchepetsa kanthu, popeza mwa masauzande ouluka usiku umodzi pafupifupi onse amathera m'kamwa mwa mbalame, achule, abuluzi ndi nyerere zinzawo. Kusesa masauzande a mtundu umodzi pamalo amodzi ndi nkhani ina, makamaka ya mitundu yomwe imafalitsa njere ndi kufewetsa nthaka. Malawi ndi limodzi mwa maiko a m'pangano la Nagoya loyang'anira katengedwe ka zamoyo zachilengedwe, ndipo kutumiza tizilombo kunja, ngakhale takufa ta mu sipiriti topita kwa katswiri, kumafuna chilolezo. Oyenera kuwafunsa ndi a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire ndi a National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, ndipo muwafunse phukusi lisanamangidwe.